Kuola kwa ziboda kumene kunakana kuchoka pa Nyenyezi

Fungo ndilo linayamba kundiuza kuti m'chiboda muli vuto. Kunali kumapeto kwa Malichi m'chaka cha 2023, patangodutsa milungu iwiri namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakumwera, ndipo ngakhale kuti ife a kuno ku Chigumula sitinaone zowawa zimene abale athu a ku Chilobwe ndi a m'munsi mwa phiri la Soche anaona, khola la hatchi yanga linali litasanduka dambo. M'mawa wa tsikulo ndinanyamula mwendo wakumbuyo wa hatchiyo, dzina lake Nyenyezi, kuti ndichotse matope, ndipo kachitsulo kotokosera ziboda kanamira pamalo pamene kale kankagunda nyama yolimba. Kanatuluka ndi zinthu zakuda bii, zomata ngati phula, za fungo limene munthu akalimva kamodzi saliiwalanso. Nyenyezi, imene nthawi zonse imaima phee ndikamaisamalira, inakoka mwendo wake m'manja mwanga.

Hatchi imeneyi ndinaitenga kwa amalume anga, amene anagwira ntchito ya m'makola a mahatchi kwa zaka zambiri pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo miyendo itayamba kuwavuta anaona kuti ndi bwino ibwere kwa ine. Aliyense amene amasunga hatchi m'dziko muno amadziwa kusowa kwa munthu womufunsa nzeru. M'masitolo a mankhwala a ziweto ku Limbe mupeza zonse za nkhuku, nkhumba, mbuzi ndi ng'ombe, koma mukatchula chiboda cha hatchi, wogulitsa amasowa chokupatsani. Oyandikana nawo atamva kuti hatchi ikudwala ziboda anati mwina ndi chigodola, ndipo ena anayamba kudera nkhawa mbuzi zawo. Ndinawatsimikizira kuti chigodola chimagwira nyama za ziboda zogawanika, monga ng'ombe, mbuzi, nkhosa ndi nkhumba, ndipo hatchi, imene chiboda chake ndi chimodzi chosagawanika, siidwala matenda amenewo. Chimene chinagwira Nyenyezi ndi matenda amene odziwa za mahatchi amawatcha thrush, kuola kwa kunsi kwa chiboda.

Kuti nkhani yonseyi imveke, munthu ayenera kuona kaye mmene kunsi kwa chiboda kulili. Kunja kuli khoma lolimba lozungulira, mkati mwake muli pansi pouma pokumbika pang'ono ngati mbale, ndipo pakati, kuyambira ku zidendene kusongokera kutsogolo, pali nyama yolimba koma yotamuka ngati mphira, yooneka ngati chilembo cha V. Nyama imeneyi dzina lake ndi frog, ndipo ngakhale amalume, amene Chingerezi sachikonda, amaitchula choncho chifukwa ndilo dzina limene limamveka m'makola. M'mbali mwa frog muli ngalande ziwiri, ndipo chakumbuyo kwake, pakati penipeni, pali kadzenje. Pa chiboda chabwino kadzenje kameneka kamakhala kosazama ndi kotambalala, ngati kaja timadinda ndi chala chachikulu pa mbamu ya nsima tikafuna kutapa msuzi. Hatchi ikaponda, frog imagunda nthaka n'kuphwatalala pang'ono, zidendene zimatanuka, magazi amayenda bwino m'chiboda, ndipo dothi limene linakanirira m'ngalande limagwa lokha.

Oyambitsa kuolako ndi mabakiteriya, ndipo amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Fusobacterium necrophorum, amenenso ali ndi mbali yaikulu pa kuola kwa ziboda za ng'ombe kumene alimi a mkaka a ku Bvumbwe amakudziwa bwino. Amapezeka m'ndowe ndi m'nthaka ya khola lililonse, choncho palibe munthu amene angawathetse onse. Chofunika kusunga m'mutu za iwo n'chakuti amaswana pamalo pamene mpweya sufika. Ndowe zonyowa zikamatirira m'ngalande za frog zimatseka mpweya, mkodzo umafewetsa nyamayo, ndipo tizilomboto timayamba kuidya pang'onopang'ono kulowera mkati. Zakuda zonunkha zija ndi nyama ya frog imene yaola kale. Kuolako kukakhala pamwamba pokha hatchi siimva ululu, koma kukazama n'kufika pa nyama yamoyo ya mkati, imayamba kukana kugwidwa mwendo, ndipo ina imafika potsimphina.

Ndinachita zimene ambiri a ife tikanachita. Ndinatsuka chibodacho ndi madzi a sopo n'kupakapo GV, mankhwala apepo aja amene tinakula tikupakidwa pa zilonda. Fungo linazilala, mvula inaleka mu Epulo, ndipo ndinakhulupirira kuti nkhani yatha. Koma chiperoni chitafika mu Juni, ndi mvula yake yamawawa ya masiku atatu kapena anayi osakata, fungo linabwerera, ndipo ulendo uno linali m'miyendo yonse iwiri yakumbuyo, imene ndiyo imaima kwambiri pa ndowe ndi mkodzo. Apa ndi pamene ndinalakwitsa kwambiri. Poona kuti GV walephera, ndinaganiza kuti pakufunika mankhwala aukali kuposa amenewo, ndipo nditamva malangizo a munthu wina ndinayamba kuthira bulichi wochapira zovala, wosasungunula n'komwe. Pamwamba pa frog panauma gwaa n'kuoneka poyera, ine n'kumasangalala, osadziwa kuti madziwo akuyenderera mpaka pa nyama yamoyo n'kumaiotcha. Nyenyezi inayamba kundikaniza mwendo ndisanaugwire n'komwe. Wina anandilangiza oyilo wakutha wa galimoto, ndipo ndimathokoza kuti ameneyo sindinamuyese, chifukwa mafuta otere amangomata pamwamba n'kutsekera tizilomboto m'malo opanda mpweya amene timawafuna.

Umene unanditsegula maso ndi mwezi wa Okutobala. Dzuwa linali kuswa mtengo, bwalo linali fumbi lokhalokha, koma ndikanyamula mwendo wakumanzere wakumbuyo fungo lija linalipobe. Matope okha akanakhala gwero la vutoli, kuolako kukanatha pamodzi ndi matopewo. Ndinatumiza uthenga ku Thyolo, ndipo Loweruka lotsatira amalume anakwera minibasi n'kubwera.

Sanafunse za mankhwala. Anakhala pa chitsa nandiuza kuti ndiyendetse hatchiyo pa msewu wouma, kupita ndi kubwerera, iwo maso ali pa miyendo yokha. Kenaka anati, "Tanyamula mwendowo, mwana wanga, undipatse chitsulocho." Anazisiya ngalande za m'mbali zimene ine ndinkalimbana nazo, nalowetsa nsonga ya chitsulo mosamala m'kadzenje kapakati kaja. Sikanalinso kadzenje. Unali mng'alu wopanikizika, wong'ambika kukwera pakati pa zidendene ziwiri mpaka pafupi ndi ubweya, ndipo chitsulocho chinalowa pafupifupi masentimita 3 chisanagunde kanthu. Mwendo wonse wa Nyenyezi unanjenjemera.

"Amalume, inetu ndakhala ndikupaka mankhwala tsiku ndi tsiku," ndinatero.

"Wakhala ukusesa pakhonde, mwana wanga, pamene zinyalala zili kuchipinda," anayankha motero. "Komanso waona mmene ikupondera? Ikuyamba ndi nsonga ya chiboda. Ikuthawa chidendene chifukwa chikupweteka."

Mawu amenewa ndiwo anandithandiza kumvetsa chifukwa chimene thrush ina imatha m'masiku ochepa pamene ina imakhala chaka chonse. Hatchi yathanzi ikamayenda mwamphamvu imafikira pansi ndi chidendene kapena ndi chiboda chonse pamodzi. Mng'alu wapakati ukayamba kupweteka, hatchi imasintha kapondedwe kuti iteteze malo opwetekawo. Ikatero frog imasiya kugwira ntchito yake, ndipo nyama imene sikugwira ntchito imafota. Frog ikafota zidendene zimayandikana n'kupanikizana, mng'alu uja umazama ndi kutsekeka, mpweya sulowanso, ndipo tizilombo timapeza nyumba yabwino kuposa ya poyamba. Ululu ukakula, hatchi imathawanso chidendene kuposa kale. Chimodzi chimabala chinzake mozungulira choncho, ndipo mvula kapena dzuwa sizisintha kanthu, chifukwa mkati mwa mng'aluwo mumakhala monyowa ngakhale kunja kukhale fumbi. Mankhwala opaka pamwamba, akhale okwera mtengo chotani, safika kumeneko.

Pali manyazi amene amabwera ndi matenda amenewa, popeza anthu amawaona ngati chizindikiro cha khola lauve, ndipo ine manyaziwo anandichedwetsa kuitana amalume. Ndi zoona kuti uve ndi chinyontho ndizo zimatsegula njira, koma hatchi ya zidendene zopanikizana ndi ngalande zozama ikhoza kuola ziboda ngakhale m'khola losesedwa bwino, makamaka ngati imakhala itangoima tsiku lonse. Munthu amene akusesa mokhulupirika koma fungo osatha asadziimbe mlandu wa ulesi, koma ayang'ane maonekedwe a chibodacho ndi kapondedwe ka hatchi yake.

Amalume anaumirira kuti tiitane dokotala wa ziweto tisanachite china chilichonse. Adokotala atabwera anayamba ndi kufufuza ngati panali vuto lina lobisala kuseri kwa kuolako. Anagwira khoma la chiboda kuti amve ngati likutentha, anamva ndi zala kugunda kwa mtsempha wa kuseri kwa mfundo ya m'munsi ya mwendo, ndipo anapana chiboda mbali zonse ndi chopanira chachitsulo pofuna kudziwa ngati munali thumba la mafinya. Anandifotokozeranso za matenda ena otchedwa canker, amene poyamba amafanana ndi thrush koma ndi ovuta kwambiri kuchiza. Kusiyana kwake n'kwakuti thrush imadya nyama ya frog n'kuichepetsa, pamene canker imameretsa nyama yachilendo, yotuwa ndi yofewa, yooneka ngati kolifulawa, imene imatuluka magazi ikangokhudzidwa pang'ono. Munthu amene wachiza thrush moyenera kwa milungu ingapo osaona kusintha ayenera kuganizira za canker ndi kuitana dokotala, m'malo mowonjezera ukali wa mankhwala. Mwamwayi Nyenyezi inalibe zimenezi.

Funso limene linandiopsa linali lina. "Bambo, katemera wa kafumbata inalandira liti?" Sindinathe kuyankha. Hatchi ndi imodzi mwa nyama zimene kafumbata amazigwira mosavuta, tizilombo take timakhala m'nthaka ndi m'ndowe, ndipo bala lozama lopanda mpweya la m'chiboda ndilo khomo limene timakonda kulowera. Anaibaya tsiku lomwelo.

Kenaka panabwera mpeni. Palibe mankhwala amene angagwire ntchito pa frog imene yaphimbidwa ndi nyama yakufa, choncho adokotala, mothandizana ndi amalume, anasema zonse zolendewera ndi zoola mpaka ngalande zinatseguka, ndipo m'mphepete mwa mng'alu munatambasuka moti kuwala kunalowa. Sanafike pa nyama yamoyo, ndipo magazi sanatuluke. Anawenganso khoma la chiboda ndi tupa, chifukwa zidendene zinali zitatalika n'kukweza frog kutali ndi nthaka, ndipo chimodzi chinali chachitali kuposa chinzake, zimene zimachititsa kuti zidendene zizikhulana hatchi ikamaponda n'kumang'amba mng'aluwo tsiku lililonse. Ntchito imeneyi sindilangiza munthu kuiyamba yekha asanaone waluso akuichita kangapo. Kawirikawiri ziboda zimawengedwa pakatha milungu 6 mpaka 8, koma ife tinagwirizana zoti tiziwenga pang'onopang'ono pa milungu 4 iliyonse, chifukwa kutsitsa zidendene kwambiri nthawi imodzi kumakoka minyewa ya kumbuyo kwa mwendo.

Ntchito imene inatsala inali yanga, ndipo inali ya m'mawa ndi madzulo. Ndimaima pambali pa hatchi nditayang'ana kumchira, n'kutsetseretsa dzanja kutsika ndi mwendo kuti idziwe chimene ndikufuna. Ndimatokosa kuyambira ku chidendene kupita kutsogolo, kuti chitsulo chikaterereka chisalowe m'nyama yofewa ya kumbuyo, kenaka ndimakwecha ndi burashi yolimba. M'mng'alu wapakati sindinalowetsenso chitsulo. Ndinkatenga kansalu ka bandeji, n'kukalowetsa mosamala ndi kamtengo kosasongoka, n'kumakakoka uku ndi uku kuti katulutse zoola. Koyamba kankatuluka kakuda, ndipo ndinkasinthasintha mpaka kotsiriza katatuluka koyera. Ndikatero ndinkatsukuluza ndi madzi a ayodini pogwiritsa ntchito sirinji yopanda singano, imene imafikitsa madzi pansi penipeni, kenaka n'kupukuta ndi kuimika hatchi pa simenti youma kwa kanthawi. Kuumitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, ndipo ndi kumene munthu amene akuthamangira kuntchito amakudumpha. Chiboda chimene chatsukidwa n'kubwezedwa m'khola chili chonyowa chimakhala chitangofewetsedwa kuti tizilombo tipitirize.

Kwa masiku oyambirira adokotala anandipatsa timachubu ta mankhwala opha mabakiteriya, tija alimi a mkaka amathira m'bere la ng'ombe likatupa. Ubwino wake ndi kamlomo kake kakatali, kowonda ndi kofewa, kamene kamalowa mpaka pansi pa mng'alu popanda kupweteka. Mankhwala amenewa ndi dokotala amene ayenera kunena ngati akufunika ndi kwa masiku angati, ndipo si oti munthu azingogula n'kumathira chaka chonse. Masikuwo atatha tinasinthira ku chinthu chimene amalume ankachidziwa kale ali ku esiteti, chimene ndi shuga wamba wosakaniza ndi ayodini wa povidone mpaka zitalimba ngati phala. Shuga amakoka madzi pa bala, ayodini amapha tizilombo, ndipo zikasakanizidwa chonchi sizitentha nyama yamoyo monga amachitira mankhwala aukali aja. Ndinkaviika thonje m'phalali n'kulikankhira m'mng'alu mosatsendera kwambiri. Thonjelo limasunga mankhwala pamalo pamene akufunika, komanso limatseka njira kuti ndowe zisalowe. Koma thonje la dzulo liyenera kutuluka lonse lisanalowe la lero, chifukwa likaiwalika mkati limasanduka chisa cha tizilombo tomwe tikulimbana nato.

Pa nkhani ya mankhwala aukali maganizo anga tsopano ndi okhazikika. Bulichi wosasungunula, formalin ndi copper sulphate wochuluka zimaphadi tizilombo, ndipo pa kuola kwa pamwamba, pa nyama yakufa yokha, ena amazigwiritsa ntchito n'kuona phindu. Koma m'mng'alu wozama, m'mene nyama yamoyo ili poyera, zimapha nyama imene ikuyesera kumera, ndipo nyama yakufayo ndi chakudya cha mabakiteriya omwewo. Zimaumitsanso pamwamba n'kupanga nkhanambo imene imabisa kuola kwa pansi, mwini hatchi n'kumaganiza kuti yachira. Ndikukhulupirira kuti miyezi imene ndinkathira bulichi ndiyo imene mng'alu wa Nyenyezi unazama kwambiri, ndipo zimandiwawa ndikakumbukira kuti inkakoka mwendo pofuna kundiuza, ine osamva. Amalume ali ndi muyeso wawo wosavuta, wakuti mankhwala amene simungalole kuti akhudze bala la pa dzanja lanu musawathire m'mng'alu wa frog.

Khola linandidyera ndalama ndi mphamvu kuposa mankhwala onse pamodzi. Mzinda wa Blantyre umalandira mvula yoposa mamilimita 1,000 pachaka, yambiri pakati pa Disembala ndi Malichi, ndipo dothi lathu la katondo limasunga madzi n'kusanduka phala pamene chiweto chikupondaponda. Kuwonjezera apo, hatchi yaikulu imatulutsa ndowe zokwana makilogalamu pafupifupi 15 ndi mkodzo wa malita 8 kapena 9 pa tsiku. Wina angafunse kuti bwanji osangoisiya panja pamalo okwera usiku wonse, koma kuno sitingathe kutero. M'dzinja muli tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, timene timaluma kwambiri kuyambira madzulo mpaka m'mawa ndi kufalitsa African horse sickness, matenda amene amapha mahatchi ambiri mwa amene awagwira. Chifukwa cha tizilomboti hatchi iyenera kulowa m'khola dzuwa lisanalowe ndi kutuluka litakwera, kutanthauza maola 14 kapena kuposerapo itaima malo amodzi. Poiteteza ku matenda akupha timaiika pamalo pamene ziboda zimaola, ndipo chimene tingachite ndi kuonetsetsa kuti pamene yaimapo ndi pouma.

Ndinakumba ngalande kumtunda kwa khola kuti madzi otsetsereka azilambalala, ndipo m'mphepete mwa denga ndinakhoma malata opinda kuti madzi asamagwere pakhomo. Pansi pa khola ndinakweza ndi zidutswa za njerwa ndi miyala ya kwale, n'kuwaka simenti yopendekera pang'ono kuti mkodzo uzituluka. Pakhomo ndi pomwera madzi, pamene Nyenyezi imakonda kuima, ndinathira timiyala ting'onoting'ono ndi mchenga wa kumtsinje. Utuchi ndimakatenga kwa ocheka matabwa, ndipo ndinaphunzira kuti kuwaza wouma pamwamba pa wonyowa n'kudzinamiza. Wonyowa wonse uyenera kutuluka ndi wilibala m'mawa uliwonse, ndipo ndowe ndimazichotsanso usiku ndisanagone. Dzala la manyowa ndinalisamutsira kumunsi, kutali ndi khola, kumene anthu a madimba amadzatenga okha.

Chinanso chimene sindinkachiganizira ndi kuyenda. Poyamba ndinkaona ngati kuyendetsa hatchi yodwala chiboda n'kuizunza, koma adokotala anandiuza kuti ululu ukangochepa iziyenda tsiku lililonse pa nthaka youma yopanda miyala yosongoka. Tinayamba ndi mphindi 15 ndikuitsogolera ndi chingwe, kenaka theka la ola, mpaka tinafika pozungulira mudzi wonse. Chiboda chimene chikuyenda chimadziyeretsa chokha, ndipo frog imabwerera mphamvu pokhapokha ikamagunda nthaka. Sindidzaiwala madzulo amene ndinaona kuti kafumbi kaja kankabuka kutsogolo kwa chiboda hatchi ikamaponda kasiya, chizindikiro chakuti chidendene chayambanso kufika pansi monga chiyenera.

Fungo linatha m'milungu iwiri, ululu unatha mwezi usanakwane, koma mng'alu unatenga miyezi kuti udzaze, chifukwa umadzaza kuchokera pansi, ndipo chiboda chimakula mamilimita 6 mpaka 10 okha pa mwezi. Apa ndi pamene ambiri timasiyira panjira, popeza mphuno imatiuza kuti zatha pamene mng'alu ukadali wozama. Ine ndinkayeza ndi thonje, ndipo mlungu uliwonse linkalowa lochepa kuposa mlungu wapitawo.

Mu Febuluwale 2024 tinabwerera m'mbuyo pang'ono. Mvula chaka chimenecho inavuta chifukwa cha El Niño ndipo bwalo linali louma, koma ndinachoka masiku 8 kupita kumaliro kumudzi, ndipo mnyamata amene amandithandiza ankasesa khola mokhulupirika koma miyendo yakumbuyo ankaopa kuinyamula. Nditabwerera ndinapeza thonje lakale likadali mkati, lakuda, ndi fungo lija. Mlandu unali wanga, chifukwa ndinali ndisanamuphunzitse. Tinatha mlungu wonse ndikumuonetsa poima, pogwira, ndi mmene angakhazikire chiboda pa ntchafu yake, ndipo lero amagwira ntchitoyi mofatsa moti Nyenyezi imamupatsa mwendo yokha.

Miyendo yakutsogolo sinagwidwepo, ndipo wakumanja wakumbuyo unachira kotheratu, frog yake inatambalala ndipo kadzenje kaja kanabwerera mwakale. Wakumanzere, umene unayamba, zidendene zake zikadali zopanikizana pang'ono poyerekeza ndi unzake, ndipo amalume akuti pa msinkhu wa Nyenyezi mwina zikhala choncho moyo wake wonse. Umenewo ndimautokosa kawiri pa tsiku ngakhale m'chilimwe, ndipo ndikatha ndimanunkhiza chitsulocho ndisanachipukute. Madzulo ano mitambo yayamba kusonkhana cha ku Mulanje, ngalande ya kumtunda yadzaza masamba ofunika kuchotsa mawa, ndipo wocheka matabwa wandilonjeza matumba 10 a utuchi Lachisanu.